Kodi asilikali a ku Ukraine alibe boma loti liwagulire galimoto?

Mayi wina wa kwathu, amene amasamalira okalamba ku Leeds, ku Britain, wanditumizira imelo. Akuti mnzake wa kuntchito, mayi wa ku Ukraine, Loweruka lililonse amagulitsa varenyky, timitanda ta ufa wa tirigu toikamo mbatatesi, kuti apeze ndalama zogulira pikapu ya gulu la asilikali lomwe muli mchimwene wake. Funso lake ndi lakuti: "Kodi asilikaliwo alibe boma? Nanga ndikasonkha, sindikugula mfuti yophera mwana wa munthu?"

Achemwali, boma lilipo ndithu, ndipo ndilo limagula mizinga ndi akasinja. Vuto lili pa zinthu zimene zimatha msanga. Pikapu ikafika kumalo omenyera nkhondo sikhalitsa. Lero yanyamula ovulala, mawa yaphulitsidwa. Msilikali akati adikire makalata a kuofesi, miyezi imatha, pomwe mlongo wake wa ku Leeds atha kugula Mitsubishi L200 yakale kwa mlimi wa ku Britain, anthu odzipereka n'kuiyendetsa kudutsa ku Poland mpaka kukaipereka m'manja. N'chifukwa chake kum'mawa kwa Ukraine, dziko loyendetsa kumanja, mumapezeka magalimoto ambiri a chiwongolero cha ngati kwathu.

Zosonkherera asilikalizi sizinayambe pa 24 February 2022, tsiku limene Russia inalowa mu Ukraine ndi mphamvu zake zonse. Zinayamba mu 2014, Russia italanda chigawo cha Crimea ndipo nkhondo itabuka ku Donbas, kum'mawa kwa Ukraine, pomwe asilikali ena ankasowa ngakhale zovala zoteteza zipolopolo. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe losonkhera asilikali la Come Back Alive ku Kyiv, komanso bungwe lothandiza Ukraine la Razom ku New York. Mu June 2022 Serhiy Prytula, yemwe kale ankaseketsa anthu pa TV, anasonkhetsa ndalama pafupifupi 600 miliyoni hryvnia (ndalama ya ku Ukraine) m'masiku atatu okha kuti agule ndege za Bayraktar zopanda woyendetsa. Kampani yopanga ndegezo, Baykar ya ku Turkey, inangozipereka kwaulere, ndalamazo n'kugulira ntchito ya setilaiti ya kampani ya ICEYE yojambula pansi ngakhale kuli mitambo. Ndinawerenga kawiri nkhani imeneyo, poganiza kuti ndi nthabwala zake zakale zija.

Tsono funso lanu lachiwiri ndilo lolemera, ndipo sindikunamizani. Ndalama zina zimagula zida zopha. Droni yaing'ono (kandege kopanda woyendetsa) yogulidwa ndi ndalama za varenyky itha kumangiriridwa bomba. Patreon, kampani yosonkhetsera ndalama pa intaneti, inatseka tsamba la Come Back Alive mu February 2022 pa chifukwa chomwechi, ndipo ku Britain komwe muli, bungwe lolembetsedwa ngati lachifundo sililoledwa kugulira zida asilikali a dziko lina. Ndiye magulu ambiri amasiyanitsa thumba la mankhwala ndi thumba la zankhondo. Mnzanuyo mufunseni molunjika kuti ndalama yanu ikulowa thumba liti. Sangakhumudwe, funso limeneli analizolowera.

Ngati mtima wanu ukukana droni, gulani tourniquet, lamba womangira mwendo kapena mkono kuti magazi asiye kutuluka. Koma onetsetsani kuti akugula weniweni, monga wa mtundu wotchedwa CAT. Otchipa a pa intaneti ena amathyoka pomanga, munthu n'kutsirizika magazi lamba ali pamwendo.

Za kubedwa, inunso mukudziwa momwe tinkafunsirana mu 2023 pamene a kunja tinkasonkherana za namondwe Freddy: ndalama zafika kwa ndani? Anthu a ku Ukraine anapeza yankho lawo. Wosonkhetsa wokhulupirika amaonetsa kalata yopempha yochokera ku gulu la asilikalilo, malisiti, kenako kanema wa asilikali ataima pafupi ndi galimotoyo akuthokoza. Pemphani kuona za pikapu yomwe anatumiza ulendo watha. Ngati alibe, gulani varenyky mbale imodzi mudye, ndalama yaikuluyo mutumize ku United24, thumba limene boma lawo linatsegula mu May 2022, komwe mumasankha nokha ngati ipite ku zachipatala, kuchotsa mabomba okwiriridwa pansi, kapena ku chitetezo.