Akaweruka kusukulu salankhula: kodi ndi mwano?

Mayi wina wa ku Zomba walemba za mwana wake wamkazi wa zaka 16 yemwe ali Fomu 3 pa sekondale yoyendera. Achipatala anamupeza ndi autism, kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ambiri komwe kumakhudza momwe munthu amachezera ndi ena, ali ku pulayimale. Amalankhula bwinobwino ndipo masamu ndi Biology amakhoza, koma akaweruka amangolowa kuchipinda osapereka moni, mpaka maola awiri kapena atatu osatulutsa liwu. Aphunzitsi ena akuti ndi wamwano chifukwa lero ayankha funso, mawa angoti duu. Bambo ake akufuna apite ku sukulu yogonera komweko kuti "akachangamuke". Mayiwa akufunsa ngati umenewu ndi mwano, ngati amulole kupita, ndiponso ntchito yomwe angadzagwire munthu wotere.

Mayi, si mwano ayi. Mwana wanu akutopa, ndipo chikumutopetsa ndi kulankhula kumene.

Ambiri a ife sitidziwa kuti kucheza ndi ntchito yothamanga chotani. Mu 2009 Tanya Stivers ndi anzake anayeza macheza a anthu m'zilankhulo 10 za m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi. Anapeza kuti munthu akafunsa funso, mnzake amayankha pakangodutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Nthawi imeneyi ndi yochepa kuti munthu aganize yankho, choncho timakonza yankho mnzathu akadali mkati molankhula, ndipo sitimva kulemera kwake. Kwa anthu ambiri a autism zonsezi sizingochitika zokha. Mwana wanu akaimikidwa m'kalasi amayenera kutola mawu a mphunzitsi pakati pa phokoso la mabenchi, manong'onong'o a kumbuyo ndi mvula pamalata. Kenako amve ngati funsolo ndi lenileni kapena akumunena, asake mawu, awandondomeke, ayeze kukweza kwa liwu lake, asankhe poyang'ana. Chilichonse amachichita mwadala, anthu onse akumudikira. Kumbukirani tsiku lomwe munafunsidwapo mafunso a ntchito m'Chingerezi, momwe mutu unalemerera mutatuluka m'chipindamo ngakhale munangokhalamo mphindi 30. Iye amakhala m'chipinda chotero kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ngakhale akulankhula Chichewa chake chomwe.

N'chifukwa chake lero ayankha, mawa alephera. Mphunzitsi amaganiza kuti poti dzulo anatha ndiye kuti lero wangokana. Koma dzulo funso linabwera m'mawa, lero labwera atatha kale mphamvu pokambirana m'gulu komanso m'phokoso la pa buleki. Yankho alinalo m'mutumo, pakamwa pokha ndi pomwe pakana.

Palinso ntchito ina yomwe simuiona. Ana ambiri a autism, makamaka atsikana, amaphunzira kubisa. Amaloweza moni, amaseka anzawo akaseka ngakhale nthabwalayo sanaimve, amadzikakamiza kukhala phee pamene thupi likufuna kugwedezeka. Kafukufuku wa Laura Hull ndi anzake ku London mu 2017 anafunsa anthu akuluakulu omwe ali ndi autism za kubisa kumeneku, ndipo chotsatira chake chomwe anatchula kwambiri chinali kutopa. Ndiye mwana akafika pakhomo n'kukhala chete, sikuti akunyoza inu. Pakhomopo ndi pokhapo pomwe akuona kuti angathe kutula.

Za sukulu yogonera ndikuuzani maganizo anga mosabisa: musamutumize pa chifukwa chimenechi. Ku hositelo kulibe chitseko chotseka. Atsikana ambiri m'chipinda chimodzi, mzere wa ku bafa, phokoso la kodyera, prep ya usiku, kutacha zomwezo. Maola atatu a chete aja ndiwo akumuthandiza kudzuka mawa n'kupita kusukulu, ndipo mukawachotsa simupeza mwana wochangamuka. Mu 2020 Dora Raymaker ndi anzake ku Portland, ku America, anafotokoza za kutopa kwa anthu a autism komwe kumatha miyezi itatu kapena kupitirira: munthu amafooka, amalephera zinthu zomwe ankazitha, kuphatikizapo kulankhula, ndipo phokoso ndi kuwala zimamupweteka koposa kale. Kumabwera munthu akakhala nthawi yaitali akusenza zoposa mphamvu zake popanda popumira. Mwana yemwe chaka chamawa akulemba MSCE sitingamuyike pa chiopsezo chotere. Bambo akufunira mwana wawo zabwino, ndipo nkhawa yawo yoti adzadziimira bwanji payekha ndi yomveka. Awerengereni yankho lino, kenako mugwirizane zomuphunzitsa kudziimira pang'onopang'ono, monga kukagula ndiwo yekha kumsika Loweruka m'mawa anthu asanachuluke.

Pakhomo yambani ndi moni, poti ndi pomwe pamayambira mkangano. Ulemu wathu suli pakamwa pokha. Mwana akhoza kunyonyomala pang'ono, kuwomba m'manja mofatsa, n'kudutsa. Gwirizanani naye kuti akafika azichita zimenezo, mawu adzabwera nthawi ya nsima. Agogo ndi azakhali akabwera, muwafotokozere ndinu, musasiye mwana kuti adziteteze yekha pa nthawi yomwe mawu alibe. Mukamufunsa, funso likhale limodzi, ndipo mudikire masekondi khumi osanenanso kanthu. Ambiri timati tikaona chete timabwereza funso m'mawu ena poganiza kuti tikuthandiza, chonsecho tikumubwezera poyambira. "Zayenda bwanji kusukulu?" ndi funso lalikulu kwambiri kwa munthu wotopa. "Udya tsopano kapena kaye?" angayankhe ndi mutu.

Ikani kope ndi cholembera patebulo, kapena muzitumizirana uthenga pafoni ngakhale muli m'nyumba imodzi. Makolo ambiri amaopa kuti mwana akazolowera kulemba asiyiratu kulankhula. Akatswiri omwe anaunika kafukufuku wa njira zothandizira kulumikizana, monga zithunzi, zizindikiro za manja ndi makina, mu 2006 ndi mu 2008, sanapeze kuti njirazi zimachepetsa mawu. Mwa ana ambiri mawu anawonjezekako pang'ono. Mwina mudzadabwa ndi kuchuluka kwa zomwe mwana wanu wakhala akufuna kukuuzani.

Kusukulu pitani nokha, ndi kalata ya kuchipatala m'manja, mukakhale pansi ndi ahedi pamodzi ndi mphunzitsi wa kalasi yake. Musakapemphe kuti "amumvetse", chifukwa aliyense adzavomera ndipo palibe chidzasinthe. Kapempheni zinthu zogwirika zomwe sizilira ndalama. Mphunzitsi azimuuziratu funso lomwe adzamufunse, kapena amulole kulemba yankho pabolodi. Pa ntchito za m'magulu iye azikhala mlembi. Pa buleki aloledwe kukhala ku laibulale kapena m'kalasi mopanda anthu. Akangoti duu, mphunzitsi apitirire kwa wina popanda mawu onyoza kapena chilango. Funsaninso ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu ngati kuli mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera yemwe angayendere sukuluyo. Aphunzitsi otere amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Ndipo poti mayina a olemba MSCE amapita ku MANEB kudzera kusukulu, auzeni ahedi chaka chino kuti mwana wanu alembedwe pa ophunzira a zosowa zapadera, musadikire sabata ya mayeso. Sikuti mukupempha chifundo. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo tili ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024.

Tsopano za ntchito. Anthu adzakuuzani kuti mumupezere ntchito yosakumana ndi anthu. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa ntchito yotero kulibe, komanso mwana wanu sadana ndi anthu. Damian Milton, katswiri wa ku Britain yemwenso ali ndi autism, analemba mu 2012 kuti kusamvana kumakhala mbali zonse ziwiri: iwo amavutika kutimva ife, nafenso timavutika kuwamva iwo. Mu 2020 Catherine Crompton wa ku yunivesite ya Edinburgh anapatsa anthu nkhani kuti aziuzana mmodzi ndi mmodzi mondondozana. Magulu a anthu a autism okhaokha anaisunga nkhaniyo bwino mofanana ndi magulu a anthu opanda autism. Inatayika kwambiri m'magulu osakaniza. Choncho poyang'ana ntchito funsani kuti kulankhula kwake ndi kotani. Kufotokozera munthu mmodzi zotsatira za magazi, pa nkhani yomwe ukuidziwa bwino, n'kosiyana kutalitali ndi kukhala pa kauntala tsiku lonse anthu akukuwa, foni ikulira.

Poti masamu ndi Biology amakhoza, ayang'ane za labotale ya chipatala ndi za mankhwala, zomwe zimaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ndi ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, komanso zowerengera ndalama, za makompyuta, kapena luso la manja kudzera ku TEVETA ngati ndiko kuli mtima wake. Koma musamutsekere unamwino kapena uphunzitsi ngati akuufuna. Alipo anthu a autism omwe akugwira ntchito zimenezi, kungoti amadziwa mtengo wake ndipo amakonzeratu nthawi yopuma. Tchuthi chikubwerachi mupezereni wachibale kapena wa kumpingo yemwe angamutenge kuntchito kwake tsiku limodzi. Madzulo ake alembe m'kope muja kuti analankhula ndi anthu angati, kangati mwadzidzidzi, panali pothawira phokoso kapena ayi, ndipo anafika pakhomo ali bwanji.

Pali zina zofunika kuchenjera nazo. Chete wa maola atatu yemwe amatha mwana akapuma ndi wosiyana ndi chete wa masiku. Mukaona kuti wasiya kudya kapena kusamba, akukana sukulu yomwe ankaikonda, akudzivulaza kapena akutchula za imfa, bwererani naye kuchipatala msanga, chifukwa nkhawa ndi matenda ovutika maganizo zimagwira kawirikawiri achinyamata a autism. Fufuzaninso ngati anzake sakumuzunza kapena ngati palibe wamkulu wina yemwe akumuchita chipongwe. Mwana yemwe mawu amamuthawa akapanikizika savuta kumupondereza, ndipo sadzabwera yekha kudzakuuzani pakamwa. Mufunseni polemba, mumupatse tsiku lonse kuti ayankhe.