Chifukwa chake masiponji opolishira galimoto akukutherani msanga

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene masiponji atatu amene munagula mwezi watha athera onse, imodzi nsalu yomatira itamatuka kumsana, awiri enawo atakumbika pakati ngati mbale, ndipo mukufuna kudziwa ngati anakugulitsani achinyengo komanso mtundu umene ungakhalitse. Mwanenanso kuti mumagwiritsa ntchito makina a DA (dual action, aja opolishira ozungulira kwinaku akugwedezeka), kuti siponji imodzi imakuzungulirani galimoto yonse, ndiponso kuti ntchitoyi mumagwirira panja. Ndikaona zimene mwafotokozazi, sindikufulumira kuloza chala wogulitsa, chifukwa siponji yakampani iliyonse, ngakhale yodula kwambiri, ikanafa imfa yomweyo. Chimene chawononga masiponji anu ndi kutentha, ndipo kutenthako kwachokera ku kagwiridwe ka ntchito.

Siponji yopolishira ndi zinthu zitatu zolumikizidwa. Pali thovu la polyurethane, lachibale ndi lija la matiresi koma lopangidwa mosamala kwambiri kuti timabowo take tikhale tofanana kukula. Pali nsalu yaubweya ya velcro kumsana. Ndipo pakati pa ziwirizi pali guluu. Chilichonse mwa zitatuzi chimawonongeka mwanjira yake, choncho siponji yakufa imakuuzani yokha chimene chaipha mukaiyang'anitsitsa musanaitaye. Nsalu ikamatuka yonse bwinobwino, guluu ndiye amene wagonja. Pakati pakakumbika, kapena mukadina ndi chala n'kumva kuti m'kati mwachita ngati phala pamene m'mphepete mudakali molimba, ndiye kuti thovu lapsa kuchokera m'kati. M'mphepete mukang'ambika mozungulira, wolakwa ndi chimbale chimene siponji imamatirirapo, chimene anzathu amachitchula kuti backing plate. Ikabenthuka kumaso, ndiye kuti yakoka chizindikiro cha galimoto, chogwirira chitseko kapena m'mphepete mwa bampa.

Ambiri amaganiza kuti kutentha kumachokera pa penti, poti m'pamene siponji ikukhuza. Zimenezo n'zoona pa makina a rotary, amene amangozungulira mbali imodzi, ndipo n'chifukwa chake makina amenewo amawotcha penti msanga m'manja mwa munthu wosazolowera. Koma pa DA nkhani ndi ina. Makinawa amazungulira kwinaku akugwedezeka, ndipo pakugwedezeka kulikonse chimbale chimakankhira siponji mbali ina, kenaka n'kuibweza. Makina ena amagwedezeka mamilimita 8, pamene a Rupes BigFoot amafika mamilimita 15 kapena 21, ndipo pa liwiro lapamwamba amachita zimenezi kopitirira 4,000 pa mphindi imodzi. Kumaso siponji yagwira penti, kumsana ikukokedwa uku ndi uku, ndiye thovu lapakati limapindika ndi kuwongoka kosalekeza. Mukudziwa mmene waya amatenthera mukamaupinda mobwerezabwereza pofuna kuudula; n'zimene zimachitika m'kati mwa siponji. Pamwamba pa apo, timbedza ta chimbale timakhuzana ndi ubweya wa velcro, ndipo mutu wa makina nawo umatulutsa kutentha kwake kumene kumatsikira pakati penipeni pa chimbale. Tsono poti thovu silitulutsa kutentha msanga, monga mmene bulangeti limasungira kufunda, moto wonsewu umaunjikana pamalo amodzi: pakati, kumsana, pafupi ndi guluu. Mukhoza kukhudza boneti n'kumva kuti ndi yofunda chabe, koma mutachotsa siponji n'kuika chikhatho kumsana kwake mungadabwe. Ichi n'chifukwa chake masiponji ambiri a DA amakhala ndi bowo pakati, kuti mpweya uzidutsa pamalo amene amapsa koyamba.

Chimene chimakulitsa vutoli ndi mankhwala opolishira. Siponji ikagwira chitseko choyamba ndi chachiwiri, timabowo take timadzaza mafuta a kompaundi (mankhwala okhula penti pochotsa mikwingwirima), tizidutswa tokhulira totha ntchito, ndi fumbi la penti amene mwapala. Ikatero imalemera, ndipo makina amavutika kugwedeza chinthu cholemera, kotero guluu amakokedwa mwamphamvu kuposa poyamba. Mpweya nawo sudutsanso m'timabowo totsekeka. Thovu lonyowa ndi lotentha limafewa, likafewa silidulanso mikwingwirima bwino, ndipo munthu akaona kuti zipsera sizikuchoka amachita zinthu ziwiri zimene zimamalizitsa siponji: amawonjezera mankhwala, n'kudiniza makina mwamphamvu. Ine ndinachita zimenezi pa galimoto yakuda mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndisanamalize denga siponji inathawa pamakina n'kukagwera m'fumbi, nsalu yake itatsalira pachimbale. Ndikanachedwa kukweza dzanja, chimbale chikanalemba denga la mwini wake.

Mankhwala ofunika ndi ochepa kuposa mmene ambiri amathirira. Siponji ikakhala yatsopano muyambe mwaipaka pang'ono kumaso konse kuti pasakhale pouma, kenaka madontho atatu kapena anayi okula ngati nsawawa amakwanira malo a masentimita 50 mbali zonse. Mukamaliza malo amodzi, yeretsani siponji musanapite pena. Ngati muli ndi kompuresa, uzirani mpweya kumaso kwake. Ngati mulibe, bulashi yofewa kapena mswachi wakale umathandiza, ndipo kukanikiza thaulo loyera pa siponji kumayamwa mafuta otsala.

Koma chachikulu pa zonse ndi chiwerengero cha masiponji. Siponji imodzi siyenera kuzungulira galimoto yonse. Pa ntchito yochotsa mikwingwirima ndi kompaundi, galimoto yaing'ono ngati Vitz kapena Sienta imafuna masiponji anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo minibasi imafuna ochulukirapo. Mukagwira mbali imodzi kapena ziwiri, chotsani siponji, iikeni pamthunzi ipume, matani ina. Ndikudziwa kuti ena anena kuti ndalama zogulira masiponji asanu nthawi imodzi palibe, ndipo sindikunyoza mawu amenewo. Komabe taganizirani mmene zakuyenderani inuyo: mwagula atatu, imodzi imodzi, ndipo onse atha m'mwezi umodzi. Mukanawagula tsiku limodzi n'kumawasinthanitsa, palibe imene ikanafika pa kutentha kosungunula guluu, ndipo bwenzi lero onse atatu akugwirabe ntchito. Ndalama ndi zomwezo, chasiyana ndi nthawi imene iliyonse yakhala pamoto.

Pa nkhani yodiniza, lembani mzere ndi cholembera chakuda m'mphepete mwa chimbale kuti muziona ngati chikuzungulira. DA wamba imaima kuzungulira mukaidiniza kwambiri kapena mukaipendeketsa pamalo okhota, ngakhale injini ikulirabe. Mzere uja ukaima n'kumangonjenjemera pamalo amodzi, siponji ikudzipera yokha popanda kudula kanthu. Makina ena, monga Flex XC 3401, ali ndi magiya okakamiza kuzungulira, choncho saima, koma nawonso amatenthetsa siponji mukawalemetsa. Ndipo musamayatse kapena kuzimitsa makina siponji ili m'mwamba, chifukwa DA ikapanda chogwira imazungulira mwaliwiro kwambiri ndipo imakoka nsalu kumsana mpaka kuiyambitsa kumatuka.

Chimbale chimaiwalidwa kawirikawiri. Chiyenera kukhala chocheperako pang'ono poyerekeza ndi nsalu ya kumsana kwa siponji: cha mamilimita 125 chimayendera siponji yopangidwira 125, cha 150 chimayendera ya 150. Chikakula, m'mphepete mwake mumadula thovu ndipo chikhoza kukhudza penti. Chikachepa kwambiri, mphamvu yonse imagwera pakati, m'mphepete mwa siponji n'kumakupiza, ndipo pamene chimbale chathera pamang'ambika mzere wozungulira. Yang'ananinso timbedza take. Tikaphwatalala kapena kusungunuka pakati, siponji imatsetsereka pang'onopang'ono pamene makina akugwedezeka, ndipo chimbale chotero chimapha siponji iliyonse yatsopano imene mungamatepo. Popeza awiri mwa masiponji anu akumbika malo amodzimodzi, ndikanakhala inu ndikanayamba kuyang'ana chimbalecho.

Ndiikepo mawu amodzi kwa ena amene akuwerenga, chifukwa zimenezi ndaziona kwa owongola magalimoto. Grinder yodulira zitsulo ili ndi mazinga omangirapo chimbale a saizi ya M14, ofanana ndi a makina ambiri a rotary, ndiye chimbale chimalowa bwinobwino ndipo munthu amayesa kuti wapeza njira yachidule. Koma grinder yaing'ono ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi 11,000 pa mphindi, pamene makina enieni opolishira ngati Makita 9227C amayambira pa 600 n'kulekezera pa 3,000, ndipo pogwiritsa ntchito siponji ambiri safika n'komwe pa 2,000. Pa grinder siponji imaphulika, penti amapsa, ndipo chidutswa cha chimbale chikhoza kukuvulazani kumaso.

Kachapidwe nako kamapha masiponji ambiri mwakachetechete. Musaviike siponji mu petulo, thina kapena parafini pofuna kuchotsa mafuta, chifukwa zimenezi zimatupitsa thovu ndi kufewetsa guluu. Jik nayenso amafumbutsa thovu. Madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale n'zokwanira, bola muchape tsiku lomwelo mankhwala asanaume m'kati. Finyani ndi zala kuchokera pakati kupita m'mphepete, tsukuluzani mpaka madzi ayere, ndipo musaipotokole ngati mukufinya chitenje, poti kupotokola kumang'amba timabowo ndi kukoka nsalu. Poyanika, ikani nsalu ya velcro m'mwamba kuti madzi atsike kuchoka pa guluu, pamthunzi podutsa mphepo. Kuyanika pamalata kapena pa boneti yotentha kumaumitsa msanga, koma dzuwa limachititsa polyurethane kusanduka wachikasu ndi kuyamba kunyenyeka. Siponji yosauma bwino musaimate pa DA, chifukwa madzi otsala m'kati amailemetsa ndipo akatentha amagwira ntchito yomatula guluu. Amene anazolowera kuwaza madzi pogwiritsa ntchito kompaundi ya Farécla G3 pa rotary asatengere chizolowezicho ku DA. Pomaliza ntchito, sungani siponji m'thumba loyera ikauma, osati m'bokosi la masipanala. Ndipo pochotsa siponji pachimbale, lowetsani chala pakati pa nsalu ndi chimbale n'kumatula pang'onopang'ono. Kukoka thovu lenilenilo likadali lotentha ndiko kumayambitsa kumatuka kumene mwakuona.

Malo amene mukugwirira ntchito akuwonjezeranso vuto. Galimoto yoima padzuwa, makamaka yakuda, imatentha moti simungasiyepo dzanja, ndiye siponji imayamba ntchito ili kale pamoto, mankhwala n'kumauma asanagwire ntchito yake. Fumbi la m'chilimwe likatera pa penti limalowa m'siponji n'kukhala ngati mchenga. Ngati mulibe shedi, gwirani m'mamawa kapena madzulo, ndipo tsukani galimoto bwino, kuchotsa phula ndi zomatirira zonse, musanayatse makina. Dziwaninso kuti magalimoto ena oyera a Toyota, ndi ambiri amene anapentedwanso kuno, alibe clear coat, vanishi woonekera uja wothira pamwamba pa penti. Mukaona siponji ikutenga mtundu wa galimoto, penti wakufayo amatseka timabowo msanga kwambiri, ndipo pamenepo muyenera kuyeretsa ndi kusintha siponji pafupipafupi kuposa mmene ndanenera.

Sindikukana kuti masiponji oipa alipo. Aja otsika mtengo obwera m'paketi ya mitundumitundu nthawi zambiri amakhala ndi guluu wochepa ndi thovu losachedwa kuphwa. Mutha kuwayesa musanagule: finyani siponji m'dzanja n'kuisiya, yabwino imabwerera nthawi yomweyo, kokani pang'ono ngodya ya nsalu ndi chikhadabo, ndipo ngati ikuyamba kutukuka ili yatsopano ndi yozizira, isiyeni. Siponji imene yamatuka pa chitseko choyamba, isanatenthe n'komwe, imeneyo ndi yolakwika popanga ndipo muli ndi chifukwa choibwezera. Mwa makampani odziwika, Lake Country ya ku America, Rupes ya ku Italy, Scholl Concepts ya ku Germany, komanso 3M ndi Meguiar's, onse amapanga zinthu zodalirika, ndipo kusiyana kwa kukhalitsa pakati pawo n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kumene kagwiridwe kanu kangabweretse. Chofunika pogula n'kufunsa ngati siponjiyo inapangidwira rotary kapena DA, chifukwa yokhuthala kwambiri ndi yofewa imameza kugwedezeka kwa DA n'kutentha m'kati, pamene yopyapyalako imapereka mphamvu ku penti. Musadalirenso kalala wake, kaya ndi yachikasu kapena ina, poti makampani sagwirizana pa zimenezi: yachikasu ya Lake Country CCS ndi yodulira mikwingwirima, pamene yachikasu ya Rupes ndi yosalazira.

Za awiri amene akumbika pakatiwo, musawabwezere pa penti, chifukwa thovu lopsa silibwerera mwakale ndipo siponji yosagona mofanana imasiya mizere yozungulira imene imaoneka galimoto ikaima padzuwa. Aduleni ndi mpeni muzipakira polishi wa matayala. Imene yamatuka nsaluyo, ena amaimata ndi guluu wa nsapato, koma guluu ameneyo amafewa akatentha ndipo siponji siikhalanso pakati penipeni, choncho ine sindingaiike pa galimoto ya kasitomala. Mukatha, jambulani chimbale chanu mbali ya timbedza ndi kumsana kwa masiponji atatuwo, mutumize pano, komanso mutiuze nambala ya liwiro imene mumaikapo makina anu.