Chifukwa chake F-duct inaletsedwa koma DRS n'kuloledwa

Akulu, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti mumpikisano wa motoka wa Formula 1 aletse F-duct kumapeto kwa 2010 kenako n'kubweretsa DRS mu 2011, pomwe zonse ziwiri zinali zida zofooketsa phiko lakumbuyo kwa motoka kuti ithamange kwambiri, ndipo ankaziyendetsa ndi dalaivala. Nkhani yagona pa manja a dalaivalayo, komanso pa zimene zimachitika chidacho chikakanika.

Phiko lakumbuyo limakanikizira motoka pansi kuti matayala agwire pakona, koma pamsewu woongoka limangoibweza m'mbuyo. A McLaren anachenjera pa motoka yawo ya MP4-25: anaika kapaipi ka mpweya kodutsa momwe amakhala dalaivala, kokhala ndi bowo; ndiyo F-duct imeneyo. Dalaivala akatseka bowolo ndi bondo, mpweya unkakhotera kuphiko n'kulifooketsa, motoka n'kuwonjezera liwiro. Panalibe chitsulo chosuntha, ndiye lamulo loletsa zida zosuntha zowongolera mpweya silinawagwire.

Vuto linabwera ndi okopera. Enawo anali atamanga kale motoka zawo, bowo ankangoliika pomwe papezeka malo. Ku Ferrari, Fernando Alonso ankatseka ndi kuseri kwa dzanja lamanzere, ndipo ku Barcelona kamera inamuonetsa bwinobwino atagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, motoka ili pafupi ndi makilomita 300 pa ola. Ife timakalipira dalaivala wa minibasi akamayankha foni pa Great East Road, nanga uyu? Matimu anagwirizana okha kuti zithe, ndipo nkhani ya ndalama inalimonso.

DRS inali ya batani. Manja onse ali pachiwongolero, kachitseko kaphiko kankatseguka, ndipo ukangoponda mabuleki kankatsekeka kokha. Anakapanganso kuti makina ake akafa, mpweya womwewo ukakankhire kotseka. Mumpikisano unkaloledwa kutsegula pamalo osankhidwa okha, ukakhala mkati mwa sekondi imodzi kumbuyo kwa mnzako, ndipo mvula ikagwa oyendetsa mpikisano ankaizimitsa. Mu 2011 anailetsa m'ngalande ya ku Monaco ndi pakona ya Eau Rouge ku Spa, ku Belgium.

Komabe musaiyese yopanda ngozi. Mu 2018 ku Monza, phiko la motoka ya Sauber ya Marcus Ericsson silinatsekeke. Ataponda mabuleki kumbuyo kunalibe chogwira, motoka inakhotera kuchipupa n'kugubuduzika kangapo. Anatuluka yekha, mwayi wake. Ngozi ya Jack Doohan ku Suzuka mu 2025 ndi yomwe imandiganiziritsa kwambiri, chifukwa palibe chinathyoka. Kona yoyamba ya kumeneko amalowa mabuleki asanawagwire kwenikweni, ndiye DRS sinkatsekeka yokha, unkayenera kuitseka wekha. Iye analowa ili chitsegukire, motoka yake ya Alpine n'kukaphwanyikira kumatayala a m'mphepete. Kwa ine pamenepo wolakwa si mnyamatayo yekha. Chida chodalira kuti munthu akumbukire batani pa liwiro limenelo sichinamalizidwe kupangidwa.

Mantha a FIA, bungwe loyendetsa mipikisanoyi, pa mapiko ndi akale. Jim Hall anali nalo phiko loponda ndi phazi pa motoka yake ya Chaparral 2E mu 1966, ndipo a Formula 1 anayamba kuimika mapiko pamwamba pa timitengo tachitsulo towonda. Mu 1969 ku Montjuïc, mumzinda wa Barcelona, mapiko a Lotus ya Graham Hill ndi ya Jochen Rindt anathyoka pamalo amodzimodzi, Rindt n'kukagunda motoka ya Hill yomwe inali itaphwanyika kale. Pofika mpikisano wotsatira ku Monaco, mapiko aataliwo anali ataletsedwa.

Wina pamwambapa walemba kuti poti DRS yatha ndi malamulo a 2026, nkhani yatheranso pomwepo. Ayi ndithu. Tsopano mapiko onse awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, amasuntha, ndipo pamalo ololedwa dalaivala aliyense atha kuwatsegula, kaya akuthamangitsa mnzake kaya ali yekha. Chimene ndikuyang'anira ine n'chakuti lina likadzatseka lina n'kutsalira pothira mabuleki, motokayo idzalowera kuti.