Poti yachitatu ikukana kulowa mu Port-channel

Wina wanditumizira imelo, akuti ku ofesi kwawo ali ndi ma switchi awiri a Cisco olumikizidwa ndi makebulo awiri mu Port-channel 1 (gulu la mapoti ogwira ntchito ngati njira imodzi), ndiye anawonjezera kebulo yachitatu koma akalemba show etherchannel summary poti yatsopanoyo ikuonetsa s m'malo mwa P, ndipo atayesa kuichotsa netiweki yonse inaima kanthawi mpaka abwana kutuluka mu ofesi. Akufunsa kuti walakwitsa pati.

Achimwene, s imeneyo ndi suspended, switchi yaiona potiyo koma yakana kuilowetsa m'gulu, pomwe P amatanthauza kuti poti yalowa m'gulumo. Mapoti a gulu limodzi amayenera kufanana zonse, speed, duplex, trunk kapena access, native VLAN komanso ma VLAN ololedwa. Ine ndikukayikira ma VLAN (timagawo ta netiweki mkati mwa switchi), poti yatsopano imabwera ikulola onse pomwe akale aja munawachepetsera kalekale mpaka munaiwala. Onaninso ngati switchi inayo munaiikadi channel-group (lamulo lolowetsa poti m'gulu), anthufe timakonza mbali imodzi n'kumadabwa.

Koma chomwe chinagwetsa netiweki ndi kuchotsako. Mutalemba no channel-group kebulo ili chilumikizire, potiyo inasanduka njira yachiwiri payokha pakati pa ma switchi omwewo, spanning tree (STP, yomwe imatseka njira zobwereza kuti uthenga usamangozungulira) n'kuyamba kuwerengeranso, ndipo STP yakale ija imadya masekondi 30 isanatsegule poti, ngati mbali inayo ili pa mode on (yolowetsa poti m'gulu osafunsa switchi inayo) ndiye loop yeniyeni ikhoza kubadwa basi. Choyamba shutdown mbali zonse ziwiri, kenako chotsani. Polowetsanso chimodzimodzi, shutdown, koperani config ya poti yomwe ikugwira kale, channel-group 1 mode active (yoyatsa LACP, njira yomwe ma switchi amagwirizanirana za gulu), no shutdown pomaliza. Zikatheka, ma VLAN muzisinthira pa interface Port-channel1 osati pa poti imodziimodzi, amatsikira okha kwa mamembala.

Mode on ine sindiifuna n'komwe, imangokhulupirira kuti waya walowa pabwino. LACP, yomwe inabwera ndi 802.3ad mu 2000 ndipo pano ili mu 802.1AX, imatumiza uthenga masekondi 30 aliwonse, kapena sekondi iliyonse pa rate fast, ikaphonya katatu poti imatuluka yokha. Musangoika passive konsekonse, aliyense adzangodikira mnzake kuti ayambe moni.

Komanso musadzadabwe fayilo imodzi ikamakoperedwa pa 1 Gbps yomweyo, hash (kawerengedwe kosankhira waya) imaponya flow iliyonse, monga fayilo imodziyo, pa waya umodzi. Ndipo ma switchi akale a Cisco Catalyst amagawa ma flow m'magawo 8, pa mawaya atatu zimatuluka 3, 3, 2, ndiye ngati pali poti ina yongokhala, ine ndikanakoka waya winanso kuti akhale 4.