Uthenga wa pafoni si ndalama, mphwanga

Atsibweni, ndimapanga timavidiyo tofunira anthu mafuno abwino pa tsiku lobadwa, komanso makadi oitanira anthu ku ukwati. Zonse ndimapangira pafoni, makasitomala ndimawapeza pa Facebook ndi WhatsApp. Bambo wina anafuna kavidiyo ka K150. Kunabwera uthenga woti ndalandira K750. Nthawi yomweyo anaimba ali wefuwefu, akuti alakwitsa, ndiwabwezere K600 chifukwa ndi ya mankhwala a mwana. Ndinabweza, kavidiyo ndinatumizanso. Madzulo pabuthi anandiuza kuti palibe chinalowa. Kodi wakuba ndingamudziwe bwanji?

Mtsikana wa ku Mchini, Chipata

Mphwanga, kalata ngati yakoyi ndaiwerengapo kambirimbiri. Amasintha ndi mayina okha: lero mankhwala a mwana, mawa thiransipoti ya kumaliro ku Lundazi. Wakuba sungamudziwe, ndipo usatayepo nthawi. Amapereka moni mwaulemu kuposa kasitomala weniweni, chithunzi chake ali mu suti, mwinanso Baibulo lili m'manja.

Ine funso langa ndi lina. Bamboyo asanaimbe, mufoni mwako munali ndalama zingati?

Sukudziwa. Ndikudziwa kuti sukudziwa, chifukwa ukanadziwa ukanalemba. Apa ndiye pamene unagwera. Uthenga uja anachita kulemba yekha ndi zala zake, kutengera mmene uthenga wa Airtel Money kapena MoMo umaonekera, n'kuutumiza kuchokera pa nambala wamba. Ukanadula foni, n'kudina *115# kuti uone zimene zatsala, nkhani ikanathera pomwepo. N'chifukwa chake anakugwira pamzere osakupatsa mpata wopuma. Safunsa anadya phula. Ndipo ngakhale zikanalowadi, wolakwitsa nambala amuke ku kampani ya foni akam'bwezere konko, si ntchito yako. Chithunzi cha risiti chotumizidwa pa WhatsApp nachonso usachikhulupirire. Iwe wopanga makadi ukudziwa bwino kuti kusintha manambala pachithunzi sikutenga mphindi zisanu.

Tiwerengetsere. Pa K150 iliyonse, tinene kuti K40 imapita ku bandulo ndi kutchajitsa foni magetsi akathima. Phindu ndi K110. Kuti K600 ibwerere pakufunika ntchito zisanu ndi theka, kuwonjezerapo ija unam'patsa yaulere. Pafupifupi ntchito zisanu ndi ziwiri ukugwirira munthu amene sunamuonepo nkhope.

Tsono K600 imene unatumizayo inali ya ndani? Ndikubetcha kuti munali ya chilimba, ya amayi yogulira fetereza imene anakusungitsa, ndi ya bizinesi, zonse mumphika umodzi. Matenda a ana inu ndi amenewa. Foni yodula muli nayo, kope mulibe. Mayi wogulitsa tomato kumsika wa Kapata, wosafika ngakhale giredi 7, ukam'dzutsa pakati pa usiku akuuza zimene zili mumpango mwake mpaka pa ngwee. Iwe gula kope la ana a sukulu, ulembe mizere: tsiku, dzina la kasitomala, ntchito, mtengo, zimene walipira, zimene zatsala mufoni. Lemba madzulo aliwonse, ngakhale tsiku limene sikunalowe kanthu. Bizinesi ikhale ndi simu yakeyake, amayi asaidziwe n'komwe. Kope likanati K820, uthenga n'kuti kwalowa K750, mutu wako ukanayembekezera K1,570. Ukanafuna kuiona ndi maso.

M'kopemo ulembenso makadi a abale. Msuweni akukwatiwa ku Katete, khadi laulere. Mlamu watsegula kagolosale, chithunzi chaulere. Pakutha pa mwezi ukawonkhetsa, udzandiuza ngati wakudyera kwambiri ndi bambo wa K600 uja. Ndipo ndakupempha, usapite kwa akaloba kuti ukwirire dzenjeli. Auze amayi zoona, akalipa tsiku limodzi basi. Wakaloba amakalipa mwezi ndi mwezi.

Kagulitsidwe kako kasinthenso. Theka la mtengo lilowe usanagwire ntchito. Ukamaliza, tumiza kachidutswa kokhala ndi dzina lako lalikulu pakati, koti munthu sangakaike pa status. Chathunthu chipite theka linalo litaoneka mu balansi. Wokana zimenezi msiye apite. Wina akadzabwera akuti ali ku London kapena Johannesburg, akufuna kukutumizira madola koma uyambe walipira kandalama kotsegulira, m'tsekere. PIN ndi manambala obwera pa uthenga usapatse aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani.

Za K600, mtima uike pansi, kawirikawiri amaitapa nthawi yomweyo. Komabe kanene ku kampani yako ya foni ndi ku polisi, mauthenga onse usafufute, ndipo nambalayo uipereke ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, podina *707# kuti aitseke. Ukadzandilemberanso, uyambe ndi zimene zili patsamba loyamba la kope lija.