Yankho pa funso la nsalu zolembedwa ndi phula za ku Guizhou

Mayi, mwati mwaona kanema wa amayi a ku China akulemba maluwa pansalu ndi kachitsulo, nsaluyo n'kudzatuluka yabuluu koma maluwa ali mbee, ndiye mukufunsa kuti amalembera chiyani, komanso ngati mungayese ndi utoto wa m'shopu. Amayi otere ambiri ndi a mtundu wa Miao, a m'chigawo cha Guizhou kumwera chakumadzulo kwa China. Dera la Danzhai ndilo lotchuka nazo, moti mu 2006 dziko la China linaika luso lawolo pa mndandanda woyamba wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa. A mtundu wa Bouyei ku Zhenning nawonso amapanga. Cholemberacho ndi phula la njuchi losungunula. Pomwe pakhala phula, utoto sulowa.

Nsalu ikhale ya thonje lenileni. Yosakaniza ndi poliyesitala imatuluka yotuwa ngakhale muinyike kangati. Amayamba aiphika m'madzi a phulusa kuti mafuta ndi sitachi zichoke, ikauma n'kuisalaza ndi nyanga ya ng'ombe kapena mwala wosalala pathabwa.

Kachitsulo kaja ndi timapale tiwiri kapena kuposa ta mkuwa, tooneka ngati kankhwangwa, tomangidwa ku kamtengo ka nsungwi. Phula limakhala pakampata ka pakati pa timapaleto, n'kumatsika pang'onopang'ono mayi akamakoka mzere. Anasankha mkuwa poti umasunga kutentha. Ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa, pa kutentha kwa phula, osati pa kujambula. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, koma polembera liyenera kupitirira pamenepo. Amaliika m'kambale pamwamba pa makala okwiriridwa ndi phulusa, osati pamoto walawilawi. Kokani mzere umodzi, mutembenuze nsalu. Ngati phula laonekera kuseri ndipo mzerewo ukuoneka ngati wonyowa, lili bwino. Likaoneka loyera, litangokhala pamwamba, ndiye kuti lazizira. Utoto udzalowa kunsi kwake ndipo duwa lanu lidzatuluka lathimbirira. Likamayenderera m'mbali mzere n'kunenepa, latenthetsa. Likayamba kufuka utsi liphuleni msanga, limayaka, ndipo moto wa phula sauthira madzi, amauvundikira.

Amayi a ku Danzhai kawirikawiri satsata pepala. Amadinda ndi chikhadabo poyambira, kuyeza ndi kaphesi ka mpunga, basi n'kuyamba kulemba mbalame, nsomba, mizere yozungulira ngati nkhono, ndi gulugufe, amene m'nthano zawo ndi mayi wa anthu onse. Nsaluzi amasokera malaya, zofunda ndi mbereko. Timing'alu tabuluu timene mwina munationa timabwera phula likathetheka ponyika. Ogula akunja amatikonda, moti opangira malonda ena amasakaniza phula la kandulo, lomwe limathetheka msanga. Pa mizere yopyapyala ngati ya kumudzi, phula la njuchi lokha ndilo labwino.

Tsopano utoto. Umachokera ku masamba a chomera chotchedwa Strobilanthes cusia. Amawaviika m'madzi masiku 2 kapena 3 kukamatentha, kupitirirapo kukamazizira, mpaka madzi abiriwire ndi kununkha. Masamba amawavuula, n'kuthira laimu, n'kutakasa mwamphamvu mpaka thovu litachita buluu. Zikakhazikika amatsanula madzi apamwamba, pansi pamatsala phala labuluu lomwe limasungika miyezi likakhala lonyowa.

Phalali mukangolisungunula m'madzi n'kunyikamo nsalu, buluu yense amatsukika pochapa, chifukwa utoto umenewu susungunuka m'madzi wamba. Mpaka uwire kaye ngati mowa, osati pamoto. Amathira phala lija mumtsuko waukulu wa madzi a phulusa osefa, ofanana ndi chidulo chathu chophikira therere koma ochuluka, n'kuwonjezera mowa wa mpunga kuti tizilombo towiritsa tipeze chakudya. Amatakasa kamodzi patsiku, kuvundikira, n'kudikira sabata kapena kuposerapo. Mtsuko umafuna kufunda kwa madigiri 25 mpaka 30. M'nyengo yozizira umagona. Mtsuko wapsa mukaona thovu labuluu pamwamba, kakhungu konyezimira ngati mkuwa, ndipo madzi apansi ali achikasu mobiriwira. Madzi akakhala abuluu bii, mtsukowo sunapse kapena walowa mpweya wambiri: thiranimo mowa pang'ono, muusiye upume masiku awiri. Ukamanunkha chovunda ndipo madzi asiya kuterera m'zala, phulusa lachepa, wonjezerani madzi ake kapena laimu pang'ono.

Ponyika, nyowetsani kaye nsalu m'madzi ozizira kuti utoto ulowe mofanana. Itsitseni mwakachetechete, osakhuvula, isafike pansi pomwe pali matope. Ikhale mphindi 20 mpaka 30, muivuule, muiyanike pamthunzi nthawi yonga yomweyo. Imatuluka yobiriwira, n'kumasanduka yabuluu mukuona, mpweya ukamaikhudza. Padzuwa ayi, phula limafewa. Buluu wakuda uja amabwera pobwereza kakhumi kapena kuposa, masiku angapo. Kuisiya usiku wonse mumtsuko poganiza kuti mufupikitsa ntchito sikuthandiza, chimene chimadetsa nsalu ndi kunyika ndi kuyanika mosinthanasinthana.

Pomaliza amaitsuka m'madzi ozizira, n'kuiphika m'madzi owira. Phula limayandama, amaliwengula n'kudzaligwiritsanso ntchito, n'chifukwa chake m'makanema phula lina limaoneka lakuda. Madzi amenewo musataye m'sinki, phula likauma limatseka paipi.

Za utoto wa m'shopu: uja wofuna kuphika ndi nsalu musayerekeze, phula lisungunuka mphindi yoyamba. Chifukwa chomwechi ndicho chimachititsa kuti nsalu zambiri za a Miao zikhale zabuluu, poti utoto wa masamba aja umagwira m'madzi ozizira pamene mitundu ina yambiri ya zomera imafuna moto. Ofiira ndi achikasu, kumene amawaika, amachita kupaka pambuyo pake. Inu funsani utoto wa madzi ozizira kwa ogulitsa zipangizo za tayi ndi dayi. Ngati ndi uja wosakaniza ndi kositiki soda, dikirani madzi azizire, valani magolovesi, ndipo nsalu isakhalitsemo chifukwa kositiki amadya phula la njuchi. Phula mupeza kwa alimi a njuchi, koma mulisefe pansalu lichoke zinyalala. Kachitsulo kakasowa, kaburashi kakang'ono kolimba kamagwira ntchito pa maluwa akuluakulu, ngakhale mizere yake siingapyapyale ngati ya mkuwa. Yambani ndi kansalu ka masentimita 30 mbali zonse, ndipo maulendo oyamba muzikachapa pakokha, buluu wotsalira amadetsa zovala zina.