Funsani Azakhali: Ndigule epilator yotani?

FUNSO

Azakhali, ndatopa ndi lezala. Ndikameta m'miyendo ndi m'khwapa sipatha masiku atatu cheya chatulukanso, chobaya ngati minga, khungu lili kuyabwa. Mnzanga wandiuza za kamakina kotchedwa epilator, koma nditafufuza pa intaneti mutu wangozungulira: ina akuti ili ndi timano 20, ina 40, ina 72, ina yolowa nayo m'bafa. Cheya changa n'chopotana, ndipo ndikatuluka kachiphuphu pamatsala kadontho kakuda. Ndigule iti? Nanga imapweteka?

Wowerenga wanu, wa zaka 26

YANKHO

Mwanawe, ndiyambe ndi funso lomalizalo, poti ndi limene anthu amabisirana. Imapweteka. Tsiku loyamba nditaiyatsa n'kuigunditsa pamsongolo, misozi inalengeza m'maso. Usiku umenewo ndinangotha mwendo umodzi, winawo ndinamaliza mawa lake. Lezala limadula cheya pamwamba pa khungu, pomwe epilator imachizula ndi muzu womwe, monga limachitira phula lomata pakhungu pochotsa cheya. Koma pofika ulendo wachitatu ululu unali utachepa ndithu, chifukwa cheya sichimera chonse nthawi imodzi, ndiye chozula chimakhala chochepa. Chimene chameranso chimatuluka ndi nsonga yofewa, sichibaya. Miyendo yanga imakhala yosalala milungu iwiri kapena itatu.

Epilator yoyamba, ya Epilady, inatuluka ku Israel mu 1986, ndipo inali ndi kawaya kopotana kamene kankakola cheya pozungulira. Zambiri za masiku ano, monga Braun Silk-épil, Philips Satinelle ndi za Panasonic, zili ndi mutu wozungulira wokhala ndi timano totseka ndi kutsegula mofulumira. Manambala amene wawaonawo akunena za timano timeneti. Asakusokoneze. Timano tambiri timangotanthauza kuti umaliza msanga chifukwa tikuzula cheya chambiri nthawi imodzi, ndipo kwa woyamba kumene ululu nawonso umabwera wonse pakamodzi. Pakati pa 20 ndi 40 mpokwanira.

Ine ndikanakhala iwe, ndikanayang'ana kaye ngati ili yololedwa kulowa m'madzi. Pabokosi amalemba kuti Wet & Dry. Madzi ofunda amafewetsa khungu, ndipo kuzula uli m'bafa, utapaka kathovu pang'ono, kumapiririka kusiyana ndi pouma. Zoterezi zimayendera batire lotchaja, ndipo zambiri zimagwira ntchito mphindi 30 mpaka 50 zisanafune kutchajanso. Yachingwe ili ndi ubwino wake, mphamvu yake siifooka pakati pa ntchito, koma imeneyo usayerekeze kuifikitsa pamadzi. Ionenso kuti ili ndi maliwiro awiri, kuti uziyamba ndi lapang'onopang'ono, komanso kuti mutu wake umachoka n'kutsukika. Poti watchula m'khwapa, sankha yobwera ndi kachivindikiro kochepetsa malo ozula. Kanyali ka kutsogolo n'kothandiza, kamaonetsa ticheya tobisala pabondo ndi mu akakolo. Zina zonse zimene amaunjika m'bokosi, zopalira zidendene, zosisitira nkhope, usazilipirire ngati sukuzifuna. Chokhacho chimene ndingachiyamikire ndi mutu wofupikitsira cheya.

Tsopano tikambe za khungu lakolo, chifukwa mawu amene andiimitsa m'kalata yako ndi akuti cheya chopotana ndi kadontho kakuda. Cheya chopotana chikamamera chimakonda kupindika n'kubwerera m'khungu, kapena kukulira pansi osatulukira kunja. Pamenepo pamatupa kachiphuphu, ndipo pa khungu lakuda chotupa chikapola chimasiya banga lotha miyezi lisanafufutike. Epilator siithetsa vuto limeneli. Kwa ena imalikulitsa, makamaka ikamadula cheya m'malo mochizula. Palibe dzina la kampani limene lingakuteteze pamenepa, chimene chimathandiza ndi dzanja lako.

Cheya chikhale chachifupi, mamilimita 2 kapena 3. Chikatalika chimaduka ndipo chimawawa kwambiri, ndiye meta kaye n'kudikira masiku angapo. Gwira makinawo chilili, mutu wake utagona bwino pakhungu, dzanja linalo likukoka khungu kuti likungike. Yenda motsutsana ndi kumene cheya chaloza, kuchokera mu akakolo kukwera ku bondo, pang'onopang'ono, osakanikiza. Ine ndinaphunzira izi mochedwa. Ndinkathamanga pofuna kuti ululu uthe msanga, ndipo patatha masiku anayi ndinaona timadontho takuda pakatumba, ticheya toduka tija tikutuluka ngati ndameta ndi lezala. Nditayamba kuyenda modekha, m'kachivindikiro ndinayamba kupezamo cheya chokhala ndi kamutu kumapeto, umboni woti chazukadi.

Dzulo lake usanazule, tsuka khungu ndi kansalu kokhakhala pang'ono kuti khungu lakufa lichoke, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu uzibwereza kawiri pamlungu. Zula madzulo, chifukwa khungu limachita tizidzolo tofiira timene timazimirira usiku. Usiku umenewo usapake mafuta onunkhira kapena mankhwala a fungo la m'khwapa, ndipo uvale zomasuka. Ukaona cheya chakulira pansi pa khungu, chonde usachikolokose ndi singano kapena zikhadabo. Mabanga ambiri amachokera pamenepo.

M'khwapa usayambireko. Khungu lake n'lofewa, cheya chake n'chokhuthala ndipo chimaloza mbali zosiyanasiyana. Nthawi yake ikakwana, kweza mkono pamwamba pa mutu kuti pakungike, n'kuzula mbali zonse. Masiku oyamba pamatha kuoneka timadontho ta magazi, zimenezo zimachitika.

Pali malo osayenera kufikapo: pachilonda, pachiphuphu, panjerewere, pakadontho kobadwa nako, pamitsempha yotupa, ndi pakhungu limene lili ndi zidzolo. Amene ali ndi matenda a shuga, amene magazi awo sachedwa kutuluka koma amachedwa kuleka, oyembekezera, ndi amene akumwa mankhwala amphamvu a ziphuphu monga isotretinoin, afunse kaye dokotala. Ukamaliza, chotsa mutu, uusese ndi kaburashi kake, uutsuke n'kuumika. Ndipo epilator sabwerekana, ngakhale ndi mnzako wakuuza uja.

Ukagula, usazule thupi lonse tsiku lomwelo. Sankha kamalo kamodzi pakatumba, kukula ngati chikhatho chako, uzule pokhapo, kenako udikire milungu itatu mpaka cheya chimerenso. Chikatuluka bwinobwino, pitiriza ndi miyendo yonse. Pakatuluka ziphuphu zambiri, siya kuzula malo amenewo, uzingofupikitsa ndi mutu uja ndakuuza kuti usausiye m'sitolo. Undilemberenso milungu itatuyo ikatha, ndimve mmene khungu lako layankhira.

Azakhali